Bogi yofiira ya mu 1938 imene inandifikitsa ku chilumba cha Isle of Wight

Pa zinthu zonse zimene ndinaona m'nyumba yosungiramo zakale ya London Transport Museum ku Covent Garden, mumzinda wa London, chimene chinandichedwetsa kwambiri ndi bogi imodzi yofiira ya sitima za pansi pa nthaka zotchedwa 1938 Stock. Achemwali anga, amene amagwira ntchito mumzindawo ndipo ndiwo anandiperekeza, anapitirira kukaona mabasi akale, koma ine ndinalowa m'bogiyo n'kukhala pampando, osafuna kudzuka msanga.

Denga lake ndi lalifupi ndipo linapindika m'mbali ngati chivundikiro cha mphika, kuti sitimayo izikwana m'mphanga zozungulira za pansi pa London. Popondapo ndi pa matabwa okhala ndi timizere, mipando ndi ya nsalu yokhuthala yaubweya imene siperepeseka msanga, ndipo nyali zake anaziphimba ndi timagalasi tokongola, moti kuwala kwake n'kofatsa ngati kwa m'chipinda chochezera alendo. Ndinasisita nsalu ya mpandowo ndi chikhatho, ndikudabwa kuti anthu anaikapo mtima chotere pa chinthu chongonyamula apantchito m'mawa ndi madzulo.

Komabe nzeru yaikulu ya sitimazi ili pamalo amene wokwera sapaona. M'sitima zimene zinalipo kale, zipangizo zamagetsi zoyendetsera zinkakhala m'kachipinda kumbuyo kwa dalaivala, ndipo kachipindako kankalanda malo amene pakanakhala anthu. Akatswiri a London Transport, bungwe limene linkayendetsa sitima za pansi pa nthaka ndi mabasi a mumzindawo, motsogozedwa ndi W. S. Graff-Baker, anapeza njira yolowetsera zipangizo zonsezo kunsi kwa bogi, kotero kuti mkati monse, kupatula pokhala dalaivala, munasanduka mwa okwera. Anayamba ayesa nzeruyi pa sitima zochepa za 1935 Stock, zina mwa izo zosongoka kumaso, koma ataona kuti kusongokako sikupindula kanthu pa liwiro la m'mphanga ndiponso kukudya malo, anasankha kumaso kophwatalala. Kwa ine chisankho chimenechi ndicho chimaonetsa mtima wa amisiriwo, chifukwa anasiya chokometsera maso n'kutsata chothandiza munthu amene waimirira mothinana ndi anzake.

Mabogi 1,121 anapangidwa ndi makampani awiri a ku Birmingham, Metro-Cammell ndi Birmingham Railway Carriage and Wagon Company, ndipo anayamba kunyamula anthu pa njanji ya Northern, imodzi mwa njanji za pansi pa London, mu Juni 1938. Anagwira ntchito nthawi yonse ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anayendanso pa njanji za Bakerloo ndi Piccadilly, mpaka ulendo wawo womaliza ku London mu Meyi 1988, patatha zaka 50.

Nditamva kuti ena mwa mabogiwa sanapume pamenepo, ndinapempha achemwali kuti tipite kumene anakathera. Tinakwera sitima mpaka ku Portsmouth, kenako tinawoloka nyanja pa boti kupita ku Ryde, pa chilumba cha Isle of Wight. Siteshoni ya Ryde Pier Head ili kumapeto kwa mlatho wautali wolowa m'nyanja, ndipo sitima imanyamuka madzi ali kunsi kwake, kulowera ku Shanklin, mtunda wa makilomita pafupifupi 14. M'tauni ya Ryde muli mphanga yaifupi msinkhu imene sitima wamba sizikanakwanamo, ndipo n'chifukwa chake sitima zopangidwira pansi pa London zinayenera kuno. Kuyambira mu 1989 mabogi a 1938 anayenda pa njanjiyi ndi dzina latsopano la Class 483, akuwombedwa ndi mphepo yamchere imene amisiri ake sanaiganizirepo, mpaka pa 3 Januwale 2021, ali ndi zaka zopitirira 80.

Sitima imene tinakwera ife ndi ya Class 484, yomwenso inachokera ku London, pa njanji ya District, n'kukonzedwanso. Titalowa m'mphanga ya Ryde ndinasuzumira pazenera, ndipo khoma linali pafupi kwambiri moti m'kuwala kochokera m'bogimo ndinkatha kuona chinyezi chikunyezimira pa njerwa zake.