Kampu ya masamu ku Angónia: chidindo chinandivuta kuposa ana

Kampu yathu ya masamu kuno ku Angónia, ku Mozambique, yatha ndipo ana onse abwerera kwawo ali bwinobwino. Aphunzitsi anzanga a ku Tsangano ndi ku Macanga mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti tinatani kuti titenge ana a m'midzi, tiwagoneke pamalo amodzi nthawi ya tchuthi, n'kumawaphunzitsa masamu ozama kuposa a m'kalasi. Ndiyankha pano kamodzi, mtima usanazizire, chifukwa ukazizira ndiyamba kunena kuti zonse zinayenda bwino.

Choyamba, pepala lililonse limene mwalemba kapena kulandira, lijambulitseni kawiri, ndipo musasiye lenilenilo m'manja mwa munthu popanda iye kudinda ndi kulemba deti pa kope lanu. Zina zonse mukhoza kuiwala.

Ife tinkafuna ana a kalasi 6, 7 ndi 8. Apa pali msampha. Kuyambira 2023 kalasi 7 inachoka ku pulayimale n'kukhala ya sekondale, potsatira lamulo la maphunziro la 2018. Ndiye ana amsinkhu umodzi, ochokera m'mudzi umodzi, mukhoza kuwapeza ali pansi pa akulu a sukulu awiri osiyana. Kalata imodzi siikwana. Mkulu wa sukulu aliyense amafuna yakeyake, yolembedwa m'Chipwitikizi, yotchula udindo wake molondola. Zimenezo n'zosavuta, akulu a sukulu anatilandira bwino, ena mpaka anatithandiza kusankha ana. Tinawapempha kuti asangoyang'ana amene amapeza 17 kapena 18 pa 20. Mwana wopeza 11 koma wokonda kufunsa kuti "chifukwa chiyani" ndi amene tinkamufuna.

Tsono ofesi ija. Sindiitchula, koma aliyense wofuna kusonkhanitsa ana a eni n'kuwagoneka adzadutsako. Ndinapereka requerimento yanga (kalata yopempha chilolezo), mndandanda wa ana, ndi dongosolo la maphunziro. Anandiuza kuti ndibwere sabata yamawa. Nditabwerera, achefe, mkulu wa ofesiyo, anali atapita ku msonkhano ku Tete. Amene simudziwa, kuchoka ku Ulónguè, likulu la Angónia, kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita opitirira 200, kudzera pa Mussacama ndi Moatize, ndiye munthu akapita kumeneko sabwera tsiku lomwelo. Ndinafunsa ngati pali wina amene angadinde. Bambo wa pa tebulo anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, chidindo chili mu dirowa, kiyi apita nayo." Ulendo wotsatira achefe analipo, chidindo chinalipo, koma kalata yanga inali itasowa. Palibe amene anaiona. Chimene chinandipulumutsa ndi kope lija lokhala ndi deti ndi siginecha ya wolandira. Nditalitulutsa, kalata inapezeka pasanathe nthawi yomwera tiyi.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Kalata itapezeka m'pamene anandiuza kuti pakufunikanso chilolezo cha kholo lililonse, cholembedwa, chosainidwa, chophatikiza kope la chiphaso cha kholo ndi cédula (chiphaso cha kubadwa) ya mwana. Bwanji osandiuza tsiku loyamba? Chimenechi ndi chimene chimandipweteka mpaka lero. Lamulolo palokha ndi labwino, mwana wa munthu satengedwa ngati thumba la mbatata. Koma kundiuza chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse, ine ndikulipira chapa (minibasi) ndi ndalama za m'thumba mwanga ndiponso kusiya kalasi yanga yopanda mphunzitsi, ndi nkhanza. Mukafika tsiku loyamba, khalani pansi, tulutsani cholembera, funsani kuti, "Achefe, kupatula izi, n'chiyaninso chidzafunike mpaka pomaliza?" Lembani iwo akuona.

Makolo ambiri ku midzi ya ku Dómuè kumene tinatenga ana sasaina, amadinda chala. Ana ena alibe cédula, ena anabadwira kutsidya ku Dedza kapena ku Ntcheu kwa agogo awo ndipo mapepala awo ndi osokonekera. Apa amene anatithandiza ndi mafumu. Ndikanayenera kutchula zimenezi koyambirira: musanapite ku ofesi iliyonse, yambani mwakaonekera kwa amfumu. Iwo akaitana makolo pansi pa mtengo n'kunena kuti aphunzitsiwa tikuwadziwa, theka la ntchito latha. Analembanso makalata otsimikiza kuti mwana wakutiwakuti ndi wa m'mudzi mwawo, ndipo makalatawo, nawonso, tinawajambulitsa kawiri.

Pamsonkhano wa makolo palibe anafunsa za masamu. Mayi wina anaimirira nati, "Aphunzitsi, atsikanawa agona ndi ndani?" Mukhale ndi yankho lokhala ndi nkhope. Ife tinapita ndi amayi awiri odziwika m'deralo amene anagona m'chipinda cha atsikana mpaka kampu kutha, ndipo makolo anawaona ndi maso. Bambo wina anafunsa chimene ndinkachiopa: "Nanga kumunda apalira ndani?" Tchuthi chachikulu kuno chimagwa mu Disembala ndi Januwale, mvula ili pakati, udzu uli m'chimanga, feteleza akufunika kuthira. Mwana wa zaka 13 ndi khasu lathunthu pakhomo. Tinagwirizana zoyamba Khirisimasi itadutsa, kupalira koyamba kutatha, ndipo tinafupikitsa masiku. Mabanja ena anakanabe, ndipo sindiwaimba mlandu.

Nthawi yomweyonso ndi imene chimanga chimakwera mtengo. Gulani chimanga ndi nyemba mu Meyi kapena Juni, anthu akangokolola, muthire mankhwala, musunge. Gulaninso masikito, mabotolo a Certeza othira m'madzi akumwa, sopo, ndi nyale za sola. Mukadziwitse achipatala chapafupi kuti pamalo akuti pagona ana ambiri. Nyengo ya mvula malungo ndi matenda otsegula m'mimba sachedwa. Malo ogona tinabwereka nyumba yogonera ana pa sukulu ina imene imakhala yopanda anthu pa tchuthi. Kumeneko sanativute.

Masamuwo ndiye anali kupuma kwanga. Tsiku loyamba sitinatsegule buku. Tinathira zitsekerero za mabotolo pansi n'kuuza ana kuti aike chimodzi, awonjezere 3 mozungulira mbali ziwiri, kenako 5, kenako 7. Anaona okha kuti nthawi zonse pakutuluka sikweya: 4, 9, 16. Funso linali lakuti, kodi zidzatero mpaka kalekale, ndipo ukudziwa bwanji usanayese? Anakangana mpaka nsima kuzizira. Tsiku lina tinawapatsa ntchito yowonkhetsa manambala onse kuyambira 1 mpaka 100. Ambiri anayamba kulemba mzere wautali. Mtsikana wina wa kalasi 6, amene sanayankhulepo chifikire, anaphatikiza 1 ndi 100, 2 ndi 99, n'kupeza 101 maulendo 50, ndiye 5050. Njira imeneyi amaisimba za katswiri wa masamu Gauss ali mwana ku Germany, koma iye anali asanamvepo dzinalo.

Tinachitanso masamu a zotsala pogawa, pogwiritsa ntchito masiku a sabata. Lero likakhala Lolemba, pakatha masiku 100 lidzakhala liti? Masabata 14 athunthu, kutsala 2, ndiye Lachitatu. Tinasefa manambala osagawika (amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi) mpaka 100 monga ankachitira katswiri wakale Eratosthenes, ndipo a kalasi 8 tinawaonetsa chifukwa chimene katswiri wina wakale, Euclid, anatsimikizira kuti manambala amenewa satha. Ndinayesanso kuwaonetsa kuti pa ana 13 alionse, awiri ayenera kuti anabadwa mwezi umodzi. Anamvetsa msanga, kungoti poyesa tinapeza kuti ena sadziwa mwezi umene anabadwa, ndiye tinabwereranso ku nkhani ya cédula ija.

Tinkafotokoza ndi kukangana m'Chichewa, kenako mayina ndi kalembedwe m'Chipwitikizi, chifukwa mayeso awo ali m'Chipwitikizi. Ana amene kusukulu amaoneka ngati ogona anali oyamba kutsutsa anzawo pa bolodi. Madzulo kunali bawo, ndipo ena anayamba kuwerengeratu kumene njere yomaliza ikagwere asanaigwire.

Kampu ikatha ofesi ija imafuna lipoti, ndipo mukapanda kupereka, pempho la chaka chamawa lidzakuvutani. Langa ndakapereka kale. Bambo wa pa tebulo anafuna kungolilandira n'kuliika pamulu, koma ndinaima pomwepo mpaka anadinda kope langa ndi kulembapo deti. Requerimento ya kampu yotsatira ndikapereka mu Ogasiti, ndipo amene mukufuna chitsanzo chake mundilembere, ndikutumizirani.