Sabata ya maliro a Chris Hani, ku casualty kwathu

Tsiku limene Janusz Waluś, amene anapha a Chris Hani, mtsogoleri wa chipani cha Komyunisti ku South Africa, anamukweza ndege kubwerera kwawo ku Poland, mu Disembala 2024, sindinaone tulo. Mtima unabwerera ku Epulo 1993, ndili namwino ku casualty, kolandirira ovulala ndi odwala mwadzidzidzi, pachipatala china cha boma ku Soweto, zaka zitatu chichokereni ku Nkhotakota.

A Hani anawawombera Loweruka pa 10, pakhomo pawo ku Dawn Park, Boksburg, mawa lake kuli Pasaka. Mpaka Lachiwiri ntchito inali yathu ya masiku onse, obayidwa mipeni ndi a ngozi zapamsewu. Usiku wa Lachiwiriwo tinaunjikana pa TV ya muwodi kumvera a Mandela akupempha bata, akukumbutsa anthu kuti amene anaulula wakuphayo ndi mayi wachizungu.

Ngakhale mwana ankadziwa kuti Lachitatu pa 14, tsiku lolira maliro dziko lonse, matekisi sayenda. Mabwana athu sanatumize galimoto yokatenga anamwino, magazi sanaitanitsiretu, ngakhale madiripi sanaonjezere. Pashifiti ya anthu khumi tinapezekapo anayi.

Masana apolisi anawombera khamu la anthu ku polisi ya Protea, ku Soweto komweko. Ovulala ankabwera m'mapikapu, ena atabelekedwa kumsana. Machira atatha tinayamba kugoneka anthu pansi. Zokolekapo madiripi nazo zinatha, moti achibale ndiwo ankanyamula mabotolo m'mwamba mpaka mikono kunjenjemera.

Panali mnyamata wina wasukulu, ndevu zisanamere n'komwe. Mabala onse anali kumsana, kusonyeza kuti ankathawa. BP ikutsika ine ndikuona. Ndinaimba foni kosungira magazi katatu, yankho n'kumangoti dikirani. Iye anandikoka yunifolomu n'kufunsa chapansipansi: "Sisita, pofika Lolemba ndikhala nditatuluka? Ndikufuna ndikawaperekeze a Hani." Ndinamuuza kuti, "Gona kaye mwana wanga, tionana mawa." Magazi anafika patatha maola awiri, ine nditamutseka kale maso. Mpaka lero ndimanena mosaopa kuti akanafika msanga mwana uja akanachira.

Lachinayi m'mawa a matroni anatiitana ku ofesi. Za mwana uja sanafunse. Nkhani yawo inali ya mabulangete asanu amene sankaoneka, ndiponso kuti amene anajomba adulidwa malipiro. Ndinatuluka osatsanzika, ndipo sindinapepesepo.

Masiku otsatirawo anali osambitsa mabala ndi kuchotsa ulusi. Lamulungu thupi la a Hani analigoneka ku FNB Stadium, anthu n'kuchezera usiku wonse, pamene ku Sebokeng zigawenga zinkawombera anthu m'misewu. Lolemba pa 19, tsiku loika maliro a Hani, nyimbo zamaliro zikumveka pa TV, mayi a mnyamata uja anabwera kudzatenga zovala. Ndinawapatsa jumbo ya pulasitiki muli shati yasukulu ndi nsapato imodzi. Anandifunsa kuti inayo ili kuti. Tinaifunafuna limodzi mpaka kuchapira, osaipeza.