Amayi atadwala ali mlendo ku England: mmene tinayendera ndi bilu ya chipatala

Amayi anabwera kuno ku England pa viza ya mlendo ya miyezi 6, kudzandithandiza nditangobereka mwana wachiwiri. Ndi munthu wa zaka zopitirira 60, amamwa mankhwala a BP ndi a shuga tsiku lililonse, koma kumudzi amalima okha ndipo sakonda kugona masana. Kuzizira kutafika pachimake anayamba kutsokomola, kenaka thupi kutentha, ndipo usiku wina anayamba kubanika. Nditatenga foni anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, usaitane a chipatala, ndikuika m'ngongole kwa eni dziko. Ndipatse panado, kukacha ndikhala bwino." Mantha amenewa si a amayi okha. Ambiri a ife timaitana makolo kudzationa, koma za ndalama za chipatala timangozimva m'magulu a WhatsApp, ndipo zimene timamvazo zimachititsa anthu kusunga wodwala m'nyumba mpaka zinthu kufika poipa. N'chifukwa chake ndikufotokoza mmene zinayendera kuyambira usiku umenewo mpaka ngongole kutha.

Ndinaimba 999. Ambulansi yobwera pa matenda adzidzidzi salipiritsa, kaya wodwalayo ndi mlendo kaya ndi mwini dziko. Chimodzimodzinso chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi, chomwe kuno amati A&E: kuyezedwa, kujambulidwa pachifuwa, kutengedwa magazi, kuikidwa pa okosijeni, zonse zimene zachitika munthu ali mmenemo ndi zaulere kwa aliyense. Palibe anatifunsa ndalama pakhomo. Anafunsa dzina, tsiku lobadwa, adiresi, ndi mankhwala amene amayi amamwa. Ndinali nditatenga mabotolo onse a mankhwala m'jumbo pamodzi ndi kabuku kawo ka kuchipatala ka kumudzi, ndipo dokotala anakawerenga tsamba ndi tsamba.

Kulipira kumayamba pamene dokotala wanena kuti wodwalayo agonekedwe mu wodi. Amayi anawapeza ndi chibayo ndipo mbandakucha anawasamutsira ku wodi. Kuchokera pamenepo bilu inayamba kuwerengedwa.

Anthu ambiri amadabwa kumva kuti NHS, nthambi ya boma yoyendetsa zipatala kuno, imalipiritsa, poti amaidziwa ngati chipatala chaulere. Ndi yaulere kwa amene amakhala m'dziko muno movomerezeka ndi mokhazikika. Sizitengera kuti mwana wa wodwalayo amadula msonkho kapena ali ndi pasipoti ya Britain. Amene tili pa viza zazitali timalipiriratu ndalama ya zaumoyo popempha vizayo, yomwe kuyambira mu Febuluwale 2024 ndi £1,035 pachaka kwa akuluakulu ambiri, koma ndalamayo imateteza mwini vizayo basi. Mlendo wa miyezi 6 saloledwa n'komwe kuilipira. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu Epulo 2015 amati mlendo wotere alipire 150% ya mtengo umene NHS imawerengera chithandizocho. Ndiye kuti chithandizo cha £2,000 kwa iye chimakhala £3,000. Mayiko ena monga Australia ndi New Zealand ali ndi mgwirizano wa zaumoyo ndi Britain, koma Malawi mulibe pamndandanda umenewo. Zimene ndikufotokozazi ndi za ku England. Ku Scotland ndi ku Wales ali ndi malamulo awoawo.

Amayi atagona mu wodi, kunabwera mayi wina wosavala yunifolomu ya unamwino, atanyamula mafomu. Ofesi yake amaitcha ya Overseas Visitor Manager, ndipo ntchito yake ndi kufufuza amene akuyenera kulipira. Anafuna kuona pasipoti, viza, tsiku limene amayi analowa m'dziko ndi tikiti yobwerera. Ndinamupempha kuti tikakambirane panja pa wodi, chifukwa amayi ngakhale Chingerezi sachimva bwino, nkhope ya munthu wofunsa ndalama amaidziwa, ndipo sindinkafuna kuti ayambe kukakamira kutuluka asanachire. Anavomera bwinobwino.

Pa zonse zimene anandifotokozera, chimene ndikufuna wina aliyense achigwire ndi ichi. Amene amagamula ngati chithandizo chingadikire ndi dokotala, osati ofesi ya ndalama. Pali chithandizo chimene chikufunika nthawi yomweyo kuti munthu asafe kapena kulumala. Pali chachangu, chimene sichingadikire mpaka tsiku limene mlendoyo akuyembekezeka kubwerera kwawo. Ziwirizi sangakanize munthu chifukwa choti alibe ndalama; amamuthandiza kaye, bilu imabwera pambuyo. Chachitatu ndi chimene chingadikire mpaka atafika kwawo, ndipo chimenechi kuyambira mu Okutobala 2017 amafuna ndalama yonse isanayambe ntchito. Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo lamuloli limamuona choncho: tsiku la pa tikiti yobwerera ndi limene limasiyanitsa zachangu ndi zodikira. Amayi oyembekezera nawonso amalipiritsidwa akakhala alendo, koma chithandizo chonse cha pakati ndi chobereka chimawerengedwa m'gulu loyamba lija, ndiye sakanizidwa chithandizo.

Kenaka ananditambasulira fomu yolonjeza kulipira. Apa ndinadekha. Mwalamulo, ngongole ya munthu wamkulu ndi ya wodwalayo, osati ya amene anamuitana. Ndinalibe maganizo owasiya amayi ndi ngongole, ayi, koma kusaina pepala loti ine ndalonjeza ndalama imene sindikuidziwa kukula kwake ndi nkhani ina. Ndinapempha kuti andipatse kaye chiyerekezo cha mtengo cholembedwa, komanso kope ya fomuyo kuti ndikaiwerenge kunyumba ndi bambo a ana. Ndinalembanso dzina la ofesiyo, imelo yake ndi nambala ya amayi ya m'chipatalamo. Nambala imeneyi ndinaigwiritsa ntchito pa kalata iliyonse yotsatira.

Tsiku lomwelo ndinaimbira a inshulansi. Viza ya mlendo ya ku Britain sikakamiza munthu kukhala ndi inshulansi ya paulendo, kusiyana ndi viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, imene imafuna inshulansi yosachepera €30,000, ndipo n'chifukwa chake makolo ambiri amafika kuno opanda chilichonse chowateteza. Amayi anali nayo chifukwa achimwene anaumirira pogula tikiti ku Lilongwe. Papepala la inshulansi pamakhala nambala yoimba pakagwa vuto, ndipo ambiri amafuna muwadziwitse mwamsanga wodwala akangogonekedwa. Mukachedwa amapezerapo chifukwa chokanira. Funso lawo loyamba linali loti kodi amayi anali ndi matenda ena asananyamuke. Apa m'pamene ambiri amagwera. Achimwene anali atalemba BP ndi shuga pa fomu pogula, ndipo analipira ndalama yowonjezera chifukwa cha zimenezo. Akanabisa kuti mtengo utsike, kampaniyo ikanatha kunena kuti chibayocho chakula chifukwa cha shuga amene sanauzidwe, n'kukana zonse. Ndimamva anthu akulangizana kuti "osanena za BP, adula," ndipo zimandiwawa, chifukwa uphungu umenewo umasandutsa inshulansi kukhala pepala wamba.

Ngakhale zinali choncho, a inshulansi sanalipire chipatala mwachindunji. Anati tilipire kaye ife, titumize bilu, malisiti ndi lipoti la dokotala, ndiye adzabweza. Funsani zimenezi musanagule: kodi amalipira okha kuchipatala kapena amabweza pambuyo, amabweza mu ndalama yanji, malire ake ndi angati, ndi gawo liti limene mumalipira nokha, ndipo ulendo umodzi amauteteza masiku angati. Inshulansi zina zimathera panjira mlendo akadali kuno.

Masiku a mu wodi anali ovuta mwa njira ina. Kwathu wodwala amakhala ndi gadiyani usana ndi usiku, kumuphikira phala ndi kumusambitsa. Kuno kuli maola oonera odwala, ndipo nthawi ikakwana mumatuluka. Ndinali ndi khanda kunyumba, amayi ali okha pakati pa anthu olankhula mothamanga. Ndinapempha anamwino kuti dokotala akamazungulira azindiimbira kapena apeze womasulira, ndipo ndinawalembera amayi pakapepala mawu ochepa oti aziloza: madzi, kuchimbudzi, ululu, kuzizidwa. Amayi a kumpingo ankasinthana kuwapititsira phala la mgaiwa m'fulasiki.

Poti amayi anachokera ku Malawi ndi thupi lotentha, madokotala anawayeza malungo ndi chifuwa chachikulu cha TB. Zonse sanawapeze nazo, koma pali mfundo yofunika apa. Kuli mndandanda wa matenda opatsirana amene kuyeza ndi kuchiza kwake n'kwaulere kwa aliyense, mlendo yemwe. Mulimo malungo, TB, HIV, kolera, chikuku, tayifodi ndi Covid-19, ndipo kuyezako kumakhala kwaulere ngakhale matendawo asapezeke. Mlendo wochokera kwathu akatentha thupi atangofika, asamaope bilu, malungo sadikira. Ndi mmenenso zilili kwa amene amamwa ma ARV ndipo mankhwala awathera ali kuno.

Tsiku lotuluka ndinaonetsetsa kuti tatenga kalata yofotokoza zimene anawapeza nazo, mankhwala amene analandira ndi zotsatira za magazi. Kalata imeneyi a inshulansi anaifuna, dokotala wa kumudzi anaifunanso. Ndinakawalembetsanso kwa GP, dokotala wa pa kiliniki ya m'dera lathu. Kuonana ndi GP n'kwaulere kwa aliyense, ndipo munthu amene akhale m'deralo kosapitirira miyezi 3 amatha kulembetsa ngati wongodutsa. Kumeneko n'kumene anawayezanso BP ndi shuga, zimene zinali zitasokonekera ndi matendawo.

Achipatala anati pakatha masabata 6 adzajambulidwenso pachifuwa kuti aone ngati mapapo ayera. Kubwereranso kuchipatala kotere kumalipiridwa, ndipo tsikulo linkagwa amayi atabwerera kale. Ndinafunsa dokotala ngati zingachitikire ku Malawi, anati palibe vuto, n'kulemba m'kalata muja. Tinapemphanso kalata yotsimikiza kuti angathe kukwera ndege, chifukwa ulendo wopita ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi ndi wautali kwa munthu amene mapapo angodwala kumene. Amene matenda akuwalepheretsa kunyamuka ayang'anitsitse tsiku lothera viza, apemphe uphungu wa zolowa ndi kutuluka m'dziko tsikulo lisanakwane. Kudwala sikuimitsa viza.

Bilu inafika pa positi m'dzina la amayi. Inali yoposa malipiro anga a miyezi iwiri. Ndinakhala pansi kaye, kenaka ndinaiwerenga ndi cholembera m'manja. Ndinayerekeza masiku ogonekedwa ndi a pa kalata yotulukira, ndinaona ngati za ku A&E sanaziphatikizemo, ndipo ndinalemba imelo yopempha kuti andifotokozere mmene afikira pa ndalamayo ndi kutsimikiza kuti zoyeza malungo ndi TB sanaziwerengere. Muli ndi ufulu wofunsa zimenezi. Mukaona kuti simukumvana ndi ofesi ya ndalama, zipatala za NHS zili ndi ofesi yothandiza odwala yotchedwa PALS, ndipo kunja kuli mabungwe monga Citizens Advice, Doctors of the World ndi Maternity Action amene amalangiza mwaulere.

Apa pali nambala ziwiri zimene zinandisowetsa tulo: £500 ndi miyezi 2. Ngongole ya NHS ya £500 kapena kuposa ikakhala miyezi 2 osalipiridwa, popanda mgwirizano wa kalipiridwe, chipatala chimapereka dzina la wodwalayo ku Home Office, unduna woona za maviza, ndipo akadzapemphanso viza akhoza kukanidwa. Anthu ena amaganiza kuti mlendo akangokwera ndege nkhani yatha. Siitha. Imadzatulukira pamene gogo akufuna kudzaona mdzukulu wina kapena kudzakhala nawo pa ukwati.

Ndalama yonse pakamodzi tinalibe, ndipo za inshulansi zinkayenda pang'onopang'ono. Ndinalembera ofesi ija kuti ngongoleyo tikuivomera, ndinatumiza umboni woti nkhani ili kwa a inshulansi, ndipo ndinapempha kuti tizilipira mwezi ndi mwezi. Ndinatchula ndalama imene ndinkadziwa kuti ndingakwanitse ngakhale mwezi wovuta, chifukwa mukaphonya mgwirizano umagwa. Anavomera, ndipo ndinapempha kuti alembe kuti dzina la amayi silipita ku Home Office bola tikulipira monga tagwirizana. Zonse ndinkachita pa imelo. Tikalankhula pa foni, ndinkalemba mwachidule zimene tagwirizana n'kuwatumizira tsiku lomwelo.

Abale anasonkha, achimwene anagulitsa soya amene ankasungira mtengo, mpingo unathandizapo. A inshulansi anabweza gawo lalikulu patapita nthawi, koma mu makwacha, ku akaunti ya ku Malawi. Amene akukumbukira kugwa kwa kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 komanso kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki akudziwa kuti kulipira mapaundi n'kubwezeredwa makwacha kumasiya mpata. Mpata umenewo tinautseka tokha.

Titamaliza kulipira ndinapempha kalata yochokera kuchipatala yonena kuti amayi alibenso ngongole, yokhala ndi dzina lawo monga lilili pa pasipoti, nambala ya bilu ndi tsiku. Fomu yopempha viza ya ku Britain imafunsa ngati munthu analandirapo chithandizo cha mankhwala m'dzikoli, ngati anauzidwa kuti alipire, komanso ngati analipira zonse. Amayi atapemphanso viza tinayankha inde pa mafunso atatu onsewo, n'kuika kalatayo pamodzi ndi malisiti.