Zimene miluza ya makoswe yandiphunzitsa pa nkhani ya kutentha

Nditayamba kuwerenga za mapuloteni otchedwa heat shock, omwe maselo a thupi amapanga akatenthedwa, ndinkaona ngati nkhani yake ndi yosavuta, yakuti selo likatenthedwa limapanga mapuloteni odziteteza, ndipo likawapanga ochuluka ndiye kuti lapulumuka. Maganizo amenewa anasintha nditafika pa kafukufuku wa miluza ya makoswe ndi mbewa za mu labotale.

Puloteni imagwira ntchito pokhapokha ikakhala yopindika m'njira yake, ndipo kutentha kumaimasula mpaka kuyamba kumatirirana ndi inzake, monga momwe madzi oyera a dzira amaumira m'chiwaya. Zikatero puloteni yotchedwa HSF1 imakakhala pa DNA n'kudzutsa majini opanga HSP70 ndi anzake, omwe ndi mapuloteni a heat shock aja, amene ntchito yawo ndi kugwira mapuloteni omasukawo kuti apindikenso bwino. Woyamba kuona zizindikiro za zimenezi anali Ferruccio Ritossa ku Italy mu 1962, pa tintchentche totchedwa Drosophila.

Chimene chinanditsegula maso ndi chithunzi cha gel, chipangizo cha mu labotale cholekanitsira mapuloteni potengera kulemera kwake, chomwe ndinachiyang'ana madzulo ena kwa nthawi yaitali. Mbali ya miluza yosatenthedwa inali ndi timizere tambirimbiri, kamzere kalikonse kakuimira puloteni yake, pamene mbali ya miluza yotenthedwa timizere tambiri tinali titazimirira, kupatula kamodzi ka pafupi ndi makilodalton 70 (muyeso wa kulemera kwa puloteni), ka HSP70, komwe kanada bii. Diso langa linkathamangira ku kamzere kakudako, ndipo panapita nthawi ndisanazindikire kuti nkhani yaikulu ili pa timizere tozimirirato. Selo likamalimbana ndi kutentha limayamba laimika ntchito zake za masiku onse: limachepetsa kwambiri kupanga mapuloteni ena, limasiya kugawikana kwa maola angapo, ndipo maselo amene awonongeka kwambiri amafa.

Kwa nyama yaikulu maola angapo si kanthu, koma mluza umayendera ndondomeko yomwe sidikira. Bere la khoswe limatenga masiku pafupifupi 22, ndipo cha pa tsiku la 9 mpaka la 11 m'pamene kachubu kodzakhala ubongo ndi mtsempha wa mu msana kamapindika n'kutsekeka, maselo ake akugawikana mofulumira kwambiri. Mu 1987 David Walsh, Marshall Edwards ndi anzawo anaonetsa kuti miluza ya makoswe ya masiku 9.5 yoleredwa m'mabotolo ikaikidwa pa madigiri 43 kwa mphindi 7.5 zokha, ubongo wakutsogolo ndi maso sizikula bwino. Koma miluza yomwe inayamba yatenthedwa pang'ono, pa madigiri 42 kwa mphindi 10, n'kupatsidwa nthawi yopuma, inapirira kutentha kwakukuluko. Apa ndinamvetsa kuti HSP70 imateteza ndithu, koma imateteza bwino ikakhala kuti ilipo kale ngozi isanafike, ndipo kuipeza yochuluka mu mluza wotenthedwa si umboni wakuti mluzawo uli bwino. Edwards yemweyu, dokotala wa ziweto wa ku Australia, anayamba kufufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1960 ataona mbira zomwe zinakhala m'khola lotentha zikubereka ana olumala miyendo, ndipo ndimalemekeza kwambiri kuti sanangoinyalanyaza nkhani ya m'khola ngati yaing'ono.

Masiku oyambirira a mluza wa mbewa ndi amene anandizunguza mutu kwambiri. Mu 1983 Olivier Bensaude ndi anzake ku Paris anapeza kuti pamene mluza uli ndi maselo awiri okha, n'kuyamba kugwiritsa ntchito majini ake, mapuloteni a banja la HSP70 ali m'gulu la oyamba kupangidwa, popanda kutentha kulikonse. Chodabwitsa n'chakuti pa msinkhu womwewo mluza sutha kuwachulukitsa mokwanira ukatenthedwa, mphamvu imeneyo imakhwima cha pa msinkhu wa blastocyst, pamene mluza wasanduka kampira ka maselo kokonzeka kukhazikika m'chiberekero. Mu 2000 Elisabeth Christians ndi anzake anaonetsanso kuti mbewa zazikazi zopanda HSF1 zimatulutsa mazira omwe amakumana ndi umuna, koma miluza yake yambiri sipitirira masiku oyambirirawo. Choncho mapuloteniwa ali ndi gawo pa kakulidwe ka mluza ngakhale zinthu zili bwinobwino.

Ndikudziwa kuti mluza wa khoswe wa m'botolo si mwana wa m'mimba mwa munthu, ndipo sindifuna kulumpha msanga. Komabe kwa munthu kachubu kaja kamatsekeka pofika tsiku la 28, nthawi yomwe amayi ambiri amakhala asanadziwe kuti aima, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti kutentha thupi kwambiri pa nthawiyo kumawonjezera chiopsezo cha zilema za ubongo ndi msana. Kuno kwathu, komwe malungo amatenthetsa thupi la amayi ambiri, ndimawerenga madigiri ndi mphindi za m'mabotolo aja ndi mtima wina.