Sikani ya mimba yaing'ono: zimene zimachitika m'chipinda chija, ndi zimene pepala lija likunena

Kuno ku Salima amayi ambiri amayamba sikelo mimba itaonekera kale pa chitenje, miyezi 5 kapena 6. Zifukwa zake n'zodziwika. Mimba yaing'ono saiulula, ena amaopa maso a anthu, ena amaona kuti kuyamba msanga n'kungochulukitsa maulendo ndi ndalama za kabaza. Koma pali zinthu zina zimene makina ounikira amaziona bwino mimba ikadali yaing'ono, ndipo nthawi imeneyo ikapita sizioneka bwino chimodzimodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2016, linati mayi aliyense woyembekezera aunikidwe kamodzi masabata 24 asanakwane, ndiponso ayambe sikelo m'masabata 12 oyambirira.

Kuunika kumeneku ndiko sikani. Sikani yoyambirira imayankha mafunso ochepa koma olemera: mimba yakhala m'chiberekero kapena kunja, mtima wa mwana ukugunda kapena ayi, mimbayo ili ndi masabata angati, ndipo muli mwana mmodzi kapena mapasa. Funso loti ndi wamwamuna kapena wamkazi lisungeni. Pa msinkhu umenewu sizidziwika. Zimayamba kuoneka cha m'masabata 18 mpaka 20, ndipo nthawi zina mwana amagona mobisa.

Tiyambe ndi mantha amene ambiri amalowa nawo. Makina amenewa si X-ray. Amatumiza phokoso lapamwamba kwambiri, loti khutu silimva, ndipo phokosolo likagunda ziwalo za m'kati limabwerera n'kupanga chithunzi. Saotcha mwana, salumalitsa, ndipo sachotsa mimba.

Masabata amawerengedwa kuyambira tsiku loyamba la msambo wanu womaliza, osati tsiku limene munagona ndi abambo. Nchifukwa chake mayi amene wangodumpha msambo ndi sabata imodzi amauzidwa kuti ali ndi masabata 5. Pa masabata 5 chimaoneka n'kathumba kakuda basi, kadontho m'kati mwa chiberekero. Pa masabata 6 mwana amakhala ngati njere ya mpunga, mamilimita 4 kapena 5, ndipo kugunda kwa mtima kumayamba kuoneka ngati kuphethira. Pa masabata 8 wafika kukula kwa nyemba, pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Pa masabata 12 ndi masentimita 5 kapena 6, mutu, manja ndi miyendo zikuoneka, akutakataka ngakhale inu simukumumva.

Ngati simukumva kupweteka ndipo simukutaya magazi, nthawi yabwino younikitsa ndi pakati pa masabata 8 ndi 13. Mukapita molawirira kwambiri, pa masabata 5 kapena 6, mungathe kubwerako ndi nkhawa yopanda chifukwa, chifukwa makina ounikira pamimba kawirikawiri saona mtima masabata 7 asanakwane.

Si chipatala chaching'ono chilichonse chili ndi makinawa. Mukayamba sikelo ku Khombedza, ku Chipoka kapena kwina kulikonse, funsani anamwino kumene amaunika, masiku ake, ndiponso ngati pakufunika kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu cha boma pa Salima. Funsani musanakwere minibasi. Kuzipatala za boma simulipira. Za mishoni ndi zoyima pazokha zimatha kulipiritsa, ndiye mtengo muudziwiretu.

Tengani buku lanu la kuchipatala, chitenje chapadera choyala pabedi, ndi madzi akumwa. Valani siketi ndi bulauzi kapena chitenje, osati diresi lalitali loti mukalikwinye mpaka pachifuwa. Idyani monga mwa masiku onse, sikani ya mimba safuna kuti musale chakudya. Ngati tsiku la msambo womaliza mukulikumbukira, lilembeni papepala kunyumba, chifukwa pamzere munthu amasokonezeka.

Nkhani ya madzi ndi imene imabweza anthu ambiri panja. Mimba ikakhala yaing'ono chiberekero chimakhala pansi, kuseri kwa fupa la pachinena, ndipo pamwamba pake pamakhala matumbo okhala ndi mpweya. Phokoso la makina silidutsa mu mpweya, koma m'madzi limadutsa bwino. Chikhodzodzo chikadzaza chimakankha matumbo n'kukhala ngati zenera loonera chiberekero. Choncho imwani madzi okwana theka la lita mpaka lita imodzi, kutatsala ola limodzi kuti mulowe, ndipo musakodze. Musamwe muli kunyumba ngati ulendo wake ndi wautali; mudzavutika panjira ndipo mudzakodza musanafike. Yambani kumwa mutaona kutalika kwa mzere. Mkodzo ukakupanikizani kwambiri uzani anamwino, mungathe kutayako pang'ono n'kusiya wina. Chikhodzodzo chodzaza mopitirira nacho chimafinya chiberekero n'kuwononga chithunzi.

M'chipinda mumakhala mdima pang'ono kuti sikirini ioneke bwino. Mudzagona chagada, kukweza bulauzi n'kutsitsa chitenje mpaka pamene payambira tsitsi la pachinena. Wounika adzathira mafuta oterera, ozizira, amene ntchito yake n'kuchotsa mpweya pakati pa khungu ndi kachipangizo kamene wagwira m'manja. Adzatsindika, makamaka m'munsi, ndipo poti chikhodzodzo chadzaza mudzamva ngati mkodzo utuluka. Si kupweteka kwenikweni. Mukamva kupweteka kobaya mbali imodzi, nenani pomwepo, chifukwa chimenecho n'chizindikiro chimene akufuna kudziwa.

Zonse zimatenga mphindi 10 mpaka 20. Pa mphindi zoyambirira wounika amakhala chete, maso pa sikirini, akudinadina mabatani. Amayi ambiri mtima umawathamanga panthawiyi poganiza kuti waona choipa. Nthawi zambiri amakhala akuyeza ndi kuyang'ana mbali zonse ziwiri, kumene kuli mabasiketi a mazira. Akamaliza muli ndi ufulu wopempha kuti akutembenuzireni sikirini. Zakuda ndi madzi, zotuwa ndi mnofu, zoyera kwambiri ndi mafupa. M'kati mwa thumba lakuda lija yang'anani kamene kakuphethira mofulumira. Mtima wa mwana umathamanga kuposa wanu: pa masabata 6 umagunda ka 100 kapena kupitirirako pang'ono pa mphindi, ndipo pofika masabata 9 umafika cha m'ma 170. Wina akamva nambala imeneyi amadzidzimuka, koma ndi mmene ziyenera kukhalira.

Pali njira yachiwiri, younikira kudzera kunjira ya abambo. Imagwiritsidwa ntchito pamene mimba ili yaing'ono kwambiri, mayi ali wonenepa pamimba, chiberekero chili chopendekera kumsana, kapena akukayikira kuti mimba ili kunja kwa chiberekero. Apa zimatembenuka: mumayamba mwakodza kaye. Kachipangizo kake ndi kakatali, kowonda, amakavala kondomu yatsopano n'kupaka mafuta, ndipo kamalowa pang'ono chabe. Sikafika pamene pali mwana ndipo sikachititsa kupita padera, ngakhale mukutaya magazi. Ayenera kukufotokozerani ndi kukupemphani kaye. Mungathe kupempha kuti namwino wamkazi akhalepo, ndipo mukati asiye ayenera kusiya. Si malo onse ali ndi kachipangizo kameneka. Kumene kulibe angakuuzeni kuti mubwerenso kapena kukutumizani kwina.

Tsopano za pepala la zotsatira za sikani, limene ambiri amangolipinda n'kuliika m'buku osaliwerenga. Mudzaona zilembo GA, ndiwo msinkhu wa mimba. Akalemba 9w3d ndiye kuti masabata 9 ndi masiku 3. CRL ndi kutalika kwa mwana kuchokera pamutu kufika kumatako. FHR ndi kugunda kwa mtima. EDD ndi tsiku limene mukuyembekezeka kuchira, pamene masabata 40 akwanira.

Tsiku limeneli ndiye phindu lalikulu la ulendo wonsewu, ndipo m'pamene tiyenera kuchedwapo. M'masabata 13 oyambirira ana onse amakula pafupifupi mofanana, kaya makolo ndi aatali kaya aafupi. Choncho kuyeza CRL kumapereka msinkhu wa mimba mosaphonya kuposa masiku 5 mpaka 7. Mimba ikakula ana amasiyana, wina wamkulu wina wamng'ono, ndipo sikani ya m'miyezi yomaliza ingaphonye ndi masabata 3 athunthu. Taganizirani mayi amene anatenga pakati akuyamwitsa, kapena atangosiya jakisoni wolera, msambo usanabwerere. Iyeyo alibe tsiku loti awerengere. Akayamba kumva kupweteka pa miyezi 8, anamwino adziwa bwanji ngati mwanayo ndi wosakwana masiku, woti mayi apatsidwe jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana? Mwezi wachisanu ndi chinayi ukadutsa, adziwa bwanji kuti masiku apitiriradi ndipo m'pofunika kuyambitsa matenda? Pena mwana amene sakukula bwino amaoneka ngati mimba ndi yaing'ono chabe, vuto n'kubisika. Tsiku lodalirika limathandizanso pa mankhwala oteteza malungo a SP, amene sayamba masabata 13 asanakwane, ndipo kuno kunyanja udzudzu suchita kufunsa.

Tsiku la sikani likasiyana ndi lanu ndi masiku oposa 7, achipatala amatsata la sikani. Ndipo mukadzaunikidwanso mimba itakula n'kupatsidwa tsiku lina, musasinthe. Loyamba lija ndi limene limagwira, nchifukwa chake pepalalo lisanyowe ndipo lisachoke m'buku. Komanso EDD si lonjezo; ana ambiri amabadwa pakati pa masabata 37 ndi 42, ndipo obadwa pa tsiku lenilenilo ndi ochepa.

Akakuuzani kuti ndi mapasa, funsani ngati aliyense ali ndi nsengwa yake kapena akugawana imodzi. Izi zimaoneka bwino masabata 14 asanakwane. Ogawana nsengwa amafunika kuunikidwa pafupipafupi, ndipo mapasa alionse achirireni kuchipatala chimene chimachita opareshoni.

Nthawi zina uthenga umakhala wosamveka bwino. Akaona thumba lokha popanda mwana, kapena mwana wamng'ono popanda kugunda kwa mtima, sizitanthauza kuti mimba yawonongeka. Mwina dzira linachedwa kutuluka ndipo mimbayo ndi yaing'ono kuposa mmene mumawerengera. Pali muyeso umene amatsata akaunika kudzera kumaliseche: amatsimikiza kuti mwana wasiya kukula pokhapokha atafika mamilimita 7 popanda kugunda kwa mtima, kapena thumba litafika mamilimita 25 lili lopanda kanthu. Zikapanda kufika apo amati mubwerenso pakatha masiku 7 mpaka 14. Masiku amenewo ndi aatali kwa mayi, koma musalole kupatsidwa mankhwala otsuka m'mimba, kaya a kuchipatala kaya a zitsamba, musanaunikidwe kachiwiri, pokhapokha ngati mukutaya magazi ambiri kapena mwatentha thupi. Zikatsimikizika kuti mwapita padera, dziwani kuti nthawi zambiri chimayambitsa ndi kulakwika kwa mapangidwe a mwana kuyambira pachiyambi penipeni. Si mtolo wa nkhuni umene munasenza, si kulima, si kugona ndi abambo, ndipo si munthu wina. Amayi ambiri amene apita padera kamodzi amadzabereka bwinobwino.

Choopsa kwambiri ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero, kawirikawiri mu chubu chimene dzira limadutsamo. Imachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100 zilizonse. Chubu sichitanuka ngati chiberekero, ndiye mwana akamakula chimaphulika, magazi n'kumatayikira m'kati mwa mimba osaonekera kunja. Mkodzo umaonetsa kuti muli ndi pakati, koma sikani imapeza chiberekero chilibe kanthu, nthawi zina ndi chotupa pambali kapena madzi kuseri kwa chiberekero. Mimba yotere siingasunthidwe kupita m'chiberekero, ndipo chofunika n'kupulumutsa mayi. Amene anadwalapo matenda opatsirana pogonana, anachitidwapo opareshoni ya machubu, kapena zinawachitikirapo kale, anene poyamba sikelo kuti aunikidwe msanga.

Abambo, apongozi ndi achemwali, izi n'zanunso, chifukwa mayi akakomoka amene amaganiza zochita ndinu. Mayi amene wadumpha msambo akamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, akamadontha magazi akuda, akamamva kupweteka pansonga ya phewa, akachita chizungulire kapena kukomoka, musadikire tsiku la sikelo ndipo musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, ndipo pofika nenani mawu oti "wadumpha msambo", ngakhale mimbayo inali isanaululidwe pakhomo. Chimodzimodzi akamataya magazi onyowetsa nsalu kapena thewera ziwiri pa ola limodzi, kapena akamatuluka zonunkha thupi lili lotentha. Panjira musamupatse chakudya kapena chakumwa, chifukwa angafunike kulowa ku fiyeta akangofika.