Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Tsamba lomwe lili m'dzina langa

Ndinabadwa pa 10 Ogasiti, tsiku la Lawrence Woyera, dikoni uja anaphedwa ku Roma m'chaka cha 258, choncho bambo mfumu sanavutike kundipezera dzina la ubatizo. Pakhomo ndinali Lolensi. Agogo aamuna okha, omwe anakagwirako ntchito padoko la Lourenço Marques, komwe lero timati Maputo, ankandiitana kuti Lorenso mpaka tsiku lomwe anatisiya.

Ndili Fomu 2 ku seminale, aphunzitsi a Chilatini analemba pabolodi kuti laurus. Anatichenjeza kuti ngakhale liwuli likuthera ndi -us, ndi lachikazi, monga mayina ambiri a mitengo m'Chilatini. Kenaka anandiloza ndi choko: "Iwe, dzina lako lagona m'menemu." Laurentius ndi munthu wa ku Laurentum, mudzi wakalekale pafupi ndi Roma, womwe Aroma ankati unatenga dzina ku mtengowu. Masamba ake ankalukira nkhata zoveka akazembe opambana pankhondo komanso alakatuli. Ine nkhata yomwe ndinkaidziwa inali ya amayi yosenzera ndowa kuchitsime, ndiye kumva kuti kwina nkhata ndi ulemu kunandikhudza mtima.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi ulendo wa liwuli. Afalansa akale ankati lorier, Angelezi atalitenga, r yomalizayo inasanduka l, n'kukhala laurel. Ife tinkadzudzulidwa tsiku ndi tsiku chifukwa chosakaniza l ndi r, osadziwa kuti malilime a eni Chingelezi anateronso kalekale. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuchita manyazi ndi Lolensi.

Mtengowo sindinauonepo, ndipo ku seminale ndinachokako ndisanamalize. Patapita zaka zambiri, ndikutsuka mbale m'khitchini ya lesitilanti ya Apwitikizi ku Johannesburg, mayi wophika anandituma: "Louro!" Ndinangoima tuzu. Anatsegula botolo yekha, n'kundiika m'manja tsamba louma, lolimba, lotalika ngati chala. Nditalithyola linanunkhira chowawirako pang'ono, fungo lomwe ndinkalimva mumphika wa nyemba pamalopo osadziwa kochokera. Ndinalibwereza liwulo chamumtima, louro, Lourenço, ndipo ndinamva mawu a agogo akundiitana madzulo kukhola la mbuzi.

Ndinapempha tsamba lina lathunthu. Mayiyo anandiyang'ana modabwa, koma anandipatsa. Ndinaliika pakati pa pasipoti, ndipo linawoloka nane pa Beitbridge ndi pa Mwanza pobwerera kumudzi.