Nyani anandiyesa mayi

Poti akabaza a pa Kamuzu Road aithira kale mchere nkhaniyi, imveni kwa mwini wake. Choyamba, sindinakuwe. Ndinangokweza mawu pang'ono.

Inde, thabwa lija ndinakhoma ndine mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kwathu ku Senga Bay. Misomali inayi yoloza kumwamba, n'kubayapo papaya wakupsa wodula pakati ndi nthochi ziwiri. Ndimangofuna apumbwa, azindiimbira ndikumwa tiyi. Masiku atatu kunangobwera nyerere ndi ntchentche. Amayi oyandikana nafe anachita kufunsa akazi anga monong'ona ngati abambo ayamba kuthira nsembe.

Lachinayi m'mamawa ndili m'bafa, ndinamva nthambi kugwedezeka. Mtima unati phaa, mbalame zija zafika! Thaulo linali kutali, ndiye ndinangokulunga chitenje cha mayi akunyumba mpaka m'khwapa, sopo ali m'makutu.

Nyani. Osati kapusi ayi, chinyani chachimuna chotsika m'mapiri a Senga, mapewa ngati wonyamula matumba ku msika. Chakhala phee pathabwa langa, chikusenda nthochi mwaulemu kuposa alamu anga. Chinayang'ana chitenje, n'kuyang'ana ine, n'kubwereranso pa chitenje. Paja amati anyani saopa azimayi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chandiyesa mayi.

Ndinatulutsa besi yanga ya kukwaya: "Iwe! Choka apo!" Icho chinangodzikanda m'khwapa. Kenako chinayasamula, pang'onopang'ono, kuti ndiwerenge bwino mano. Awiri akutsogolowo kutalika ngati chala changa. Chitamaliza chinaponya khoko la nthochi pamapazi panga penipeni, ngati chikuti mayi, sesani apa.

Ndinawerama kuti nditole musi. Chitenje n'kumasuka. Nthawi yomweyo amayi oyandikana nafe aja atulutsa mutu pampanda. Ndiuzeni inu anzeru, manja awiri okha, mukanagwira musi kapena chitenje?

Zoti ndinathawa n'zabodza. Ndinabwerera m'bafa mofulumira chifukwa sopo amandiwawa m'maso. Chitseko ndinachigwira theka la ola chifukwa chilibe loko, nonse mukudziwa. Papaya chinapita naye atamupanira kukhwapa, ndi poto wa mkute womwe.

Apumbwa anabwera ndithu Loweruka, atatu. Thabwalo sanaliyang'ane n'komwe. Anamaliza tsabola yense wa mayi akunyumba, ndipo mlanduwo ukadali pa ine.